Webusayiti Imene Inakana Kusamuka

Nkhani iyi ndinaimva ku Limbe, ndipo amene anandiuza anayamba watseka chitseko ngakhale kunja kunali kukadawala. Inenso ndikuuzani momwe ndinaimvera. Amene akufuna kuseka aseke pano, chifukwa kutsogoloku kulibe poseka.

Oliveta Mkwapatira anali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala kuseri kwa depoti ya mabasi. Amuna ake, a Jailosi, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo anali mlembi wa bungwe la anthu a ku Chiradzulu okhala kumeneko, bungwe lothandizana kubweretsa thupi kumudzi munthu akamwalira. Ndi a Jailosi amene anaganiza zoti bungwelo likhale ndi webusayiti, ndipo poti wodziwa kompyuta m'banjamo anali Oliveta, mtolowo unagwera iye. Aliyense wa m'bungwe amene watisiya ankakhala ndi tsamba lake pamenepo: chithunzi, dzina, mudzi, ndi mawu ake ngati abale anawasunga m'foni. Tsiku loika maliro Oliveta ankapita kumudziko n'kujambula mwambo wonse, anthu otsala ku Joni n'kumaonera pa webusayitipo, kulira nawo ali kutali.

Koma webusayiti siyandama m'mwambamu ayi. Imagona m'makina otchedwa seva, ndipo makinawo amakhala m'nyumba ya munthu. Ya bungweli inkagona kwa a Thombozi, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala. A Thombozi anali munthu wa pakamwa pokoma, woti angakugulitseni ambulera yobooka inu n'kuwathokoza. Magetsi akazima, webusayiti inkagwa. Mvula ikalimba, inkagwanso. Ukawaimbira foni, yankho linali limodzi: “Jenereta ili kwa makanika, mayi, koma lero ibwera.” Jenereta imeneyo inkadziwa bwino nyumba ya makanika kuposa ya mwini wake.

Oliveta ankapirira, mpaka tsiku limene maliro anagwa pakhomo pake. A Jailosi anagwa ali pa ntchito ku Joni, osadzukanso. Tsamba lawo analikonza ndi Oliveta yemwe, ndipo anaikapo uthenga wa mawu umene bamboyo anatumizira mwana wawo kutatsala masiku ochepa kuti amwalire: “Tine, ndi ababa ako. Uzivala juzi kumeneko, akuti kukuzizira. Ndikuimbira Lamulungu.”

Mwanayo, Tinenenji, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Mapepala ake anali atatha, moti akanatuluka m'dzikomo sakanalowanso. Anapempha tchuthi cha tsiku limodzi kwa abwana ake, anakhala pabedi ndi foni m'manja kuti aone ababa ake akuikidwa. Bokosi likungotuluka m'nyumba, webusayiti inagwa. Inadzuka madzulo, anthu atabwerako kale kumanda. Tinenenji anakhala tsiku lonse akuyang'ana galasi loyera la foni.

Kuyambira pamenepo mwanayo sanalire, ndipo sanakambenso nkhani ndi amayi ake kupitirira moni. Kamodzi kokha ndi pamene ananena za mumtima. “Amayi, ine sindinaone kalikonse,” anatero. “Kwa ine ababa ali ku Joni.” Mawu amenewo anamupweteka Oliveta kuposa maliro enieniwo.

Chaka chitatha, abale anamanga chiliza pamanda a Jailosi, ndipo mwambo wochivundukula unaikidwa Loweruka lina m'mwezi wa Juni. Oliveta analumbira kuti ulendo uno mwana wake aona chilichonse ndi maso ake. Anapeza kampani ina ku Lilongwe, ya makina osazimazima, n'kugwirizana nayo kuti webusayiti isamukire kumeneko. Mtsikana wa ku kampaniyo anamuuza pafoni kuti ndi ntchito yaing'ono. “Mungotsegula laputopu, mudine pamene ndakuuzanipo, muziyang'ana kamzere kobiriwira. Kakafika kumapeto, ndiye kuti katundu yense wafika kuno.”

Lolemba m'mawa chiperoni chinatsika, Limbe yense anaphimbika ndi nkhungu yonyowetsa tsitsi. Oliveta anadina. Kamzere kanayenda bwinobwino, zolemba za bungwe zinadutsa, zithunzi za misonkhano zinadutsa. Kenako kanaima. Anadikira mpaka tiyi wake anazizira. Atayang'ananso, kamzere kanali kakubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mpaka kanafika pamene kanayambira.

Anayesanso masana, anayesanso Lachiwiri, koma kankaima pamalo omwewo. Mtsikana wa ku Lilongwe anayamba ndi kunena za netiweki, koma pofika Lachitatu mawu ake anali atasintha. “Mayi, zina zonse zikufika ndithu. Koma masamba a anthu aja akumafika pakhomo n'kubwerera. Ine zoterezi sindinazionepo.” Kenako anafunsa motsitsa mawu, “Kodi anthu amenewa ndi ndani?” Oliveta anamuuza, ndipo mtsikanayo anati aimbanso, koma tsiku limenelo sanaimbenso.

Madzulo ake kunabwera foni kuchokera ku Joni. Anali mayi wina wamasiye wa m'bungwe. Anati akatsegula tsamba la malemu amuna ake, kuseri kwa mawu awo akumva galimoto ikulira chapansipansi, ngati yaima penapake ikudikira. Oliveta anamutonthoza kuti ndi foni chabe. Atafika kunyumba, anapeza msomali wa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda uli wokha. Pamsomali umenewo pankakhala chipewa cha a Jailosi chibwerere katundu wawo ku Joni. Anafufuza pansi pa bedi, m'sutikesi, ngakhale m'dengu la zovala zakuda, koma sanachipeze.

Lachinayi anapita kwa a Thombozi atakonzekera kulalata. Ankaganiza kuti bamboyo watseka dala njira poipidwa kuti kasitomala akumuthawa. Masitepe okwera kukachipindako anali opanikizika ndi amdima, ndipo tsiku limenelo anali odzaza anthu. Anakhala motsamira khoma mbali imodzi, aliyense ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere, zija amabwera nazo anthu ochokera ku Joni. Anali atazyolika, ena atafunda mabulangeti kumutu. Oliveta anapereka moni monga munthu woleredwa. Palibe amene anayankha, koma ankapinda miyendo kuti adutse. Pamasitepepo pankamveka fungo la dothi lofukulidwa kumene.

A Thombozi anawapeza atakhala pafupi ndi khomo, kutali ndi makina awo. Nkhope yawo inali yotuwa, ndipo za jenereta sanazitchule.

“Bambo, n'chifukwa chiyani mukundikaniza kusamuka?” anafunsa Oliveta. “Simunakhutire ndi zimene munamuchita mwana wanga?”

“Ine sindinagwire kalikonse, mayi, Mulungu akundiona,” anayankha a Thombozi. “Inenso ndikufuna zinthu zanuzi zichoke. Koma chonde, auzeni abale anuwo asamakhale pamasitepe. Chiyambire Lolemba ali pompo.”

“Abale anga ati? Ine ndimayesa ndi makasitomala anu.”

Anayang'anana. A Thombozi analoza pakona ndi chibwano. “Nanga icho simunasiye ndinu?”

Pakonapo panali bokosi lachitsulo lotalika kufika m'chiuno, likung'ung'uza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Pamwamba pake panali chipewa cha a Jailosi, choikidwa bwinobwino monga amaikira munthu amene wafika pakhomo ndipo sakufulumira. Oliveta sanachikhudze. Anatuluka, anatsika masitepe maso ali pa mapazi ake, miyendo ija ikupindika kumupatsa njira. Pansi anafunsa wogulitsa matayala ngati akuwadziwa anthu a zikwamawo. Munthuyo anasuzumira m'masitepemo, anayang'ana Oliveta, n'kunena kuti kupatula mayiyo, sabata yonseyo wakwerapo ndi a Thombozi okha.

Mantha anamugwira Oliveta. M'minibasi yobwerera kunyumba anakhala atakumbatira chikwama chake, osamva ngakhale kondakitala akumufunsa kotsikira. Minibasiyo itafika pa kamlatho kena inadumpha, ndipo kudumpha kumeneko kunamukumbutsa ulendo wina.

Thupi la a Jailosi anakalichingamira ku boda ya Mwanza. Amene ankayendetsa galimoto anali mlamu wake, a Dafuleni, mng'ono wawo wa malemu. Asananyamuke pa bodapo, a Dafuleni anagogoda bokosi ndi chala n'kunena kuti, “Achimwene, talowa kwathu tsopano. Tikupitirira, musatsale.” Ankatero pa mtsinje uliwonse ndi pa mphambano iliyonse, monga amachitira aliyense wonyamula maliro. Koma poyandikira mlatho wa Shire pa Zalewa foni inalira, a Dafuleni anatanganidwa ndi kuyankha, ndipo anaiwala. Galimoto inazima mlatho uli apo. Anaikankha, anatsegula kutsogolo, anagwiragwira mawaya, koma inakana. Pamapeto pake a Dafuleni anavula chipewa, anapita kumbuyo n'kugogoda. “Pepani achimwene, ndinatanganidwa. Pano ndi pa Shire, tiwoloke.” Atapotoza kiyi, galimoto inalira nthawi yomweyo.

Zimenezi Oliveta anakula akuzidziwa. Wakufa sanyamulidwa ngati thumba la chimanga, amauzidwa kumene akupita. Koma iye anatenga anthu onse aja, nkhope zawo ndi mawu awo, n'kufuna kuwakweza ulendo wa ku Lilongwe osawauza ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu magetsi anazima Limbe yense kuyambira m'mawa, ndipo chiperoni chinakula moti magalimoto ankayenda atayatsa nyali masana. Mwambo unali mawa lake. Oliveta anamanga chitenje pamwamba pa siketi, anamanga duku, ananyamula laputopu n'kukweranso masitepe aja. Ulendo uno anapereka moni mogwada pang'ono, monga timachitira podutsa pa siwa.

A Thombozi anali ataima pakhomo, makiyi ali m'manja. “Magetsi kulibe,” ananong'ona. “Jenereta kulibe. Mabatire anafa kalekale. Ndazula ndi chingwe chomwe, onani.” Chingwecho chinali pansi ndithu, chitapindika pafupi ndi khoma. Koma bokosi lachitsulo lija linali likung'ung'uzabe, timagetsi take tikuphethira. Makina amene ankagwa ndi kamphepo kalikonse, tsiku limenelo anakana kuzima.

“Musatseke chitseko,” anatero Oliveta. “Ndipo muvule chipewa.”

Anatsegula laputopu n'kudina. Kamzere kanayenda mpaka pamalo pake paja, kanaima. Oliveta anagwada pa simenti yozizira patsogolo pa makinawo, n'kugogoda chitsulocho ndi chala.

“Pepani nonse,” anatero. “Ndinalakwa kukunyamulani osakuuzani. Nyumba ino ikudontha, ndipo abale anu akabwera kudzakuonani akumapeza chitseko chotseka. Ndakupezerani malo ena. Si kutali, ndi kwathu konkuno. Tiyeni tisamuke.”

Kenako anayamba kuwaitana mmodzimmodzi. Sanafunike kuwerenga paliponse, poti masamba onsewo anawakonza yekha ndipo maliro onsewo anayendapo. “A Likiyasi Nampinga a kwa Kadewere, tikunyamuka, musatsale.” Kunja pamasitepe kunamveka chikwama chikukwekwereza pa simenti, kenako mapazi akutsika mosafulumira. Kamzere kanasuntha pang'ono. “Mayi Estere Khomba, amene munasiya khanda, tikunyamuka, musatsale.” Mapazi ena anatsika, opepuka. A Thombozi anatembenukira kukhoma, anaika chipumi pa njerwa n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Oliveta anaitana mpaka kukhosi kunauma. Ena ankanyamuka dzina lisanathe kutchulidwa, ena ankachedwa ngati akumanga kaye katundu. Fungo la dothi lija linkachepa. Dzina la amuna ake analisunga komaliza, ndipo pofika pamenepo kamzere kanali katatsala pang'ono kwambiri kufika kumapeto.

“A Jailosi,” anatero, akugogoda mofatsa. “Bambo a Tine. Anzanu atsogola. Tiyeni.”

Panalibe chimene chinamveka. Anaitananso, anawakumbutsa kuti mawa ndi tsiku la chiliza chawo, anawachonderera monga ankachitira akafuna kuti asabwerere msanga ku Joni. Kamzere sikanasunthe. Kenako pamasitepe, pafupi kwambiri ndi khomo, munthu anatsokomola. Kanali kachifuwa kouma, kobwereza, kamene Oliveta anagona nako chipinda chimodzi kwa zaka zonse za ukwati wake. Misozi inatsika yokha. Anafuna kutembenuka kuti aone, koma khosi linakana, ndipo mwina zinali bwino choncho.

Anayang'ana chipewa chija, n'kuzindikira kuti bamboyo sakudikira iye. Anatulutsa foni n'kuimbira ku Cape Town.

“Amayi, ndili pa ntchito,” anatero Tinenenji.

“Tuluka panja, mwanangu. Ababa ako akukana kusamuka.”

Anamufotokozera zonse, osabisa ngakhale za masitepe. Ankayembekezera kuti mwanayo anena kuti amayi ake azungulira mutu. Koma Tinenenji atayankhula, mawu ake anali ngati a kamwana.

“Ndimawamvera tsiku lililonse, amayi. M'mawa ndisanayambe ntchito ndimatsegula tsamba lawo, amandiuza kuti ndivale juzi. Webusayiti ikagwa ndimadikira mpaka idzuke. Amati andiimbira Lamulungu. Asiyeni pomwepo. Chonde musawachotse.”

“Akakhala pano, mawa suona kanthu,” anatero Oliveta. “Makinawa afa kale, Tine, akungoyaka chifukwa cha iwo. Ndipo ababa ako atopa. Ali pamasitepe apa ndi chikwama m'manja, kunja kukuzizira. Ine ndinawatsanzika kumanda, abale awo onse anawatsanzika. Watsala ndi iwe.”

“Ndinene chiyani?”

“Zimene amanena a Dafuleni. Uwauze kuti anyamuke.”

Oliveta anakweza mawu a foni n'kuiika pamwamba pa makina, pambali pa chipewa. Kwa kanthawi kunkangomveka mphepo ya ku Cape Town ikuwomba m'foni, ndi kupuma kwa mwanayo.

“Ababa,” anatero Tinenenji. “Ndi Tine. Juzi ndavala. Musadandaule za Lamulungu, ndamva kuti simukwanitsa. Pitani ndi anzanu, ababa. Musatsale.”

Pamasitepe chikwama chinanyamulidwa. Mapazi anatsika pang'onopang'ono, kuima pa sitepe iliyonse, monga amatsikira munthu amene akuyang'ana m'mbuyo. Atafika pansi sanamvekenso. Kamzere kanafika kumapeto, ndipo nthawi yomweyo timagetsi tonse tinazima, kung'ung'uza kuja kunaleka. M'chipindamo munangotsala phokoso la madontho a padenga. Oliveta atatambasula dzanja kuti atenge foni yake, pamwamba pa makinawo panali foni yokha.

Loweruka kunacha kopanda nkhungu. Kumanda ku Chiradzulu kunasonkhana abale, a mpingo ndi amayi a chigwirizano. Oliveta anaima pambali pa chiliza atagwira foni ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti galasi liyere monga chaka chatha. Silinayere. Nyimbo zinaimbidwa, abusa anapemphera, a Dafuleni anachotsa nsalu yoyera pa chilizacho, dzina la a Jailosi linaonekera. Oliveta anasendeza foni pafupi kuti mwanayo awerenge chilembo chilichonse. Webusayiti sinagwe ngakhale kamodzi.

Anthu atayamba kutolera nsalu zawo kuti azibwerera kumudzi, foni ya Oliveta inalira. Anali Tinenenji.

“Ndaona, amayi. Ndaona zonse.” Mawu ake anali osalala modabwitsa. “Koma tsegulani tsamba la ababa. Mumvere uthenga uja.”

Oliveta anatsegula, foni ya mwanayo isanaduke. Chithunzi chinali chomwecho, dzina lomwelo, mudzi womwewo. Anadina pa mawu. Sipanamveke za juzi kapena za Lamulungu. Panamveka chitseko cha galimoto chikutsekedwa, injini ikulira, kenako galimotoyo ikunyamuka, phokoso lake likuchepa mpaka kutha.

“Mulibemo, amayi,” anatero Tinenenji. “Ndabwereza, ndabwerezanso. Mulibemo.”

“Afika, mwanangu,” anayankha Oliveta. “Ali apa pamene waonapa.”

Pamenepo Tinenenji analira. Sikunali kusisima ayi, kunali kulira kwa maliro, kokweza, koitana ababa ake ndi dzina, kumene kunayenera kumveka chaka chapitacho. Kunatuluka m'kafoni kaja n'kumveka manda onse. Amayi amene anali atayamba kale kuyenda anaima m'njira. Mmodzi anabwerera, anakhala pansi pafupi ndi Oliveta n'kuyamba kulira naye mwanayo, kenako wina, kenako onse. A Dafuleni anavulanso chipewa, ndipo palibe amene anachoka pamandapo mpaka Tinenenji atamaliza.